Mapasa a Bwana Chikadza

Malita ndi Piyo, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti masiku ano ndimangozungulira pakhomo ngati nkhuku yosowa poikira. Ndalola. Za ubwana wanga musaziyembekezere muno, zimenezo akakuuzeni amalume anu, amene mpaka lero sanandikhululukire za chule wa m'nsapato. Ine ndiyambira pamene anayamba kundilipira chifukwa chomvetsera. Ndipo iwe Malita, mutu uno ndi wako, chifukwa nkhani ya mmene unachirira mwana wako woyamba umaidziwa theka lokha. Iwe unali chigonere. Wothamanga ndinali ine.

Chaka chomwe ndinamaliza Fomu Folo

Ndinachoka kwathu ku Kabwazi ndi satifiketi yabwinoko komanso mbiri yoipa. Munthu akangolankhula kawiri ine ndili pafupi, mawu ake ndinkawatenga onse, ndi katsokomoledwe komwe. Ndinabalalitsapo kalasi yathunthu ndi mawu a ahedi ndili kuseri kwa chitseko, ana n'kupita kwawo dzuwa lisanafike pamutu. Khutu lomwelo ndi limene linandipezetsa ntchito. Bungwe lina la mpingo, limene linali ndi tizipatala ting'onoting'ono m'mapiri muno, linkafuna munthu wokhala pa wayilesi ya mauthenga ku ofesi yawo pa Dedza Boma. Mafoni kumidzi kunalibe. Kachipatala kalikonse kanali ndi wayilesi yake, ndipo mayi akavutika pochira, anesi ankaitana ine, ine n'kuthamangira kwa dalaivala wa ambulansi. Ntchito yonse inali imeneyo, kumva ndi kuthamanga.

M'mawa uliwonse ndinkaitana zipatalazo chimodzichimodzi, kufunsa mmene adzukira. Yankho linali limodzi chaka chonse: tadzuka bwino, ova. Tsiku lina a kuchipatala china anandiyankha chomwecho, koma kuseri kwa mawu awo ndinkamva madzi akudonthera m'beseni. Nditafunsitsa, anati ayi, ndi kamphepo ka dzulo, kangosasula denga la chipinda chochirira, koma anthufe tili bwino ndithu. Ndiye mtundu wathu umenewo. Munthu malungo akumugwedeza pamphasa, ukamupatsa moni amayamba ndi kunena kuti ali bwino, zinazo uzikumba wekha. Kuyambira pamenepo yankho ndinkangolilandira mwaulemu, khutu lili ku zomveka kumbuyo.

Bwana wanga woyamba anali asisitere aakulu, mayi wolankhulira m'mphuno, amene akati "mwana iwe" ndi makoswe omwe ankaima m'denga. Mawu awo ndinawatha sabata yoyamba. Ndiye kunali kachipatala kena kauve, udzu mpaka pazenera, asisitere atatopa nako kukalipira. Masana ena iwo atapita kukapuma, ndinatsegula wayilesi n'kulengeza m'mphuno kuti Lachisanu kukubwera alendo ochokera kunja. Anthu aja anatchetcha, anapaka miyala laimu, amayi a m'mudzi anaphunzira nyimbo zolandirira, wina n'kupereka tambala wake. Anadikira pamsewu mpaka mthunzi unatembenuka. Asisitere atamva anandiitana n'kundifunsa ngati ndikumva chisoni. Ndinati chisoni ndikumvera tambala. Malo aja anali asanayerepo chotero, ndipo cholakwa changa sindinachione mpaka lero. Mwezi womwewo ananditumiza ku Lobi kuti mphepo ikandiwongole.

Zaka za ku Lobi

Kumeneko ndinakhala mbali inayo ya wayilesi, ya oitana. Wayilesi inkayendera batire la galimoto, ndipo likatha tinkalimanga panjinga kupita nalo kuchigayo kukatchajitsa. Mwini chigayo anali ndi mphwake wamanyazi amene ankandithandiza kulitsitsa. Ameneyo ndiye malemu bambo anu, ndipo batire lija linayamba kutha pafupipafupi mosamvetsetseka. Zosowa zinali zambiri, magolovesi, parafini wa nyali, nthawi zina ndi thonje lomwe, koma chimene chinkandisowetsa mtendere ndi chete wa wayilesi. Ikakhala duu tsiku lonse, sunkadziwa ngati kuli mtendere kapena waya wathothoka, pakuti ziwirizi zimamveka chimodzimodzi. Ndinkatuluka kukagwedeza mlongoti, kubwerera, kuitana ofesi popanda nkhani, kungofuna kumva munthu akupuma. Anzanga ankati thupi langa ndi mpando zinadana kalekale. Udani umenewo ndinabwerera nawo pa Boma nditakubalani nonse awiri, ndipo sunathe.

Makompyuta atalowa

Mawayilesi anawalongedza m'makatoni ine imvi zitayamba. Ndinkayesa nanenso andilongedza, koma bwana watsopano anati akufuna munthu wodziwa zipatala zonse ndi makhalidwe a anesi ake. Anali a Chikadza, mnyamata wa makompyuta wochokera ku Lilongwe, msinkhu wako Piyo, woonda, wovala majuzi awiri chifukwa chisanu cha kuno chinali chisanawazolowere. Ankanditchula kuti amayi a wayilesi. Ndinenetse pano, sanali wopusa kapena wodzimva. Akamafotokoza chinthu ankajambula pabolodi mpaka nkhalamba imve.

Makonzedwe awo anali otere. Kachipatala kalikonse anakapachikako kabokosi pakhoma, anesi n'kuwapatsa tabuleti, yosameza ija, ya galasi. Mayi akavutika, anesi ankalemba dzina ndi vuto lake n'kudina. Uthengawo unkadutsa m'manja angapo osaoneka: pulogalamu ina inkaulandira, ina n'kuona kumene kuli ambulansi, ina n'kuliza foni ya dalaivala. Chimene a Chikadza ankanyadira kwambiri n'chakuti kabokosiko kankadzisankhira njira. Netiweki ina ikafooka, kankadumphira pa ina yamphamvu kokha, osafunsa munthu. Ndipo pakangopita kanthawi, kankatumiza moni ku ofesi wonena kuti kali moyo. Moni ukafika, kadontho ka chipatalacho pa sikirini yaikulu ya m'chipinda changa kankakhala kobiriwira. Ukachedwa, kachikasu. Ukasowa, kofiira, belu n'kulira. Ntchito yanga inali kuyang'ana timadonthoto ndi kuimba foni kena kakasintha. Mwezi woyamba ndinkaopa ndi kuphethira komwe.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi kabokosi kakati kali moyo, ndiye kuti kakugwira ntchito? Anati funsolo ndi labwino, ndipo kuyesa njira yonse, kuchokera pa chala cha anesi mpaka pa foni ya dalaivala, kuli pa ndondomeko, kukungodikira mafuta a galimoto. Zinthu zambiri zabwino m'ofesi muja zinkadikira mafuta.

Kuyang'ana zobiriwira tsiku lonse kumatopetsa, ndiye manja anayamba kuyabwa. Nditaphunzira kumene amasinthira kaliridwe ka belu, ndinaikamo kulira kwa mbuzi yomwe ndinaijambula pafoni kumsika. Inalira koyamba tsiku lomwe kunabwera akuluakulu a bungwe, mkati mwa pemphero lotsegulira. Imeneyo a Chikadza anaseka okha atatseka chitseko. Yachiwiri sanaseke. Dalaivala wathu anali Che Yusufu, mwana wa mwini golosale ya pamsewu waukulu, bambo wodekha, wokonda ambulansi yake ngati mkazi wamng'ono. Ndinatenga tabuleti yapadera ya mu ofesi n'kutumiza uthenga kuti pamsika pali mayi wakomoka ndi njala. Anafika nyali zikuthwanima n'kundipeza nditaima pachiwaya, ndikudikira wondigulira tchipisi. Anagula, mwamuna wabwino uja, akupukusa mutu. Koma madzulo ake a Chikadza anandikhazika pansi.

"Amayi, mbuzi ndinaimvetsa," anatero. "Koma uthenga wabodza m'njira ya ambulansi, ukadzachitikanso, chitseko ndidzakutsegulirani ndine."

Ndinavomera, n'kusainira kalata ya chenjezo. Msika uli pafupi, mafuta ake sakanadzaza kapu, koma mnyamatayo ankanena zoona ndipo ndinasiyadi.

Juni wa chaka changa chomaliza

Iwe Malita unali utakwatiwa kumalire, ndipo kachipatala ka kwanuko pa sikirini yanga kanali Nambala Seveni. Mwezi umenewo iwe unali pa chidikiro cha kachipatalako, mimba yoyamba. Anesi a kumeneko, aNabanda, mayi wachikulire wa manja odziwa, atakugwira anati mwana wagona chopingasa. Anati masiku akadalipo, atha kutembenuka, koma matenda akayamba asanatembenuke, mankhwala ake ndi amodzi, ambulansi ndi mpeni ku chipatala chachikulu pa Boma. Ndinafuna kukutengeratu, koma njira ya kumeneko ndi ya njinga yamoto pa miyala, ndipo aNabanda anakana kuti ugwedezeke chotero. Ndiye moyo wako ndi wa mwanayo unatsamira pa chinthu chimodzi, kuti aNabanda akadina, foni ya Che Yusufu ilire.

Kadontho ka Seveni ndinkakadziwa ngati mwana wovuta. Juni aliyense kankadwala. Nsanja ya foni ya kumeneko imayendera dzuwa, ndipo nkhungu ikaphimba mapiri, mabatire ake ankafooka, kadontho n'kukhala kachikasu mpaka masana. Chaka chimenecho kanali kobiriwira mbandakucha, kobiriwira masana, kobiriwira poweruka, kuposa zipatala za pafupi ndi tauni. A Chikadza ankakondwera, ankati ndi simukhadi yatsopano imene anaikamo nthawi ya mvula, yolola netiweki iliyonse. Ine ndinkakayang'ana mpaka maso kuwawa. Mwana wovuta akakhala phee kuseri kwa nyumba, mayi sakhala pansi.

Kuti ulankhule ndi munthu wa ku Seveni pa foni, ayenera kukwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi, chifukwa pansi netiweki ya kwathu kuno sigwira bwino. Ndinatuma mawu kudzera mwa wogulitsa mbatata kuti aNabanda akwereko. Anati onse ali bwino, Malita ali bwino, ntchito ikuyenda bwino. Ndinakumba. Pamapeto anati inde, kumayambiriro kwa mwezi anaitanapo ambulansi, tabuleti inalemba kuti zatumizidwa, koma sinabwere, ndiye mayiyo anamunyamula pa ngolo mpaka pamsewu ndipo Mulungu anathandiza. Nditafunsa chifukwa chomwe sananene, anadabwa. Anati nanga si mafuta kulibe, munthu ungavutitsirenji mabwana ndi chinthu chodziwika? Ndinapita kwa Che Yusufu. Anati foni yawo sinalirepo za ku Seveni mwezi wonse, ndipo ankayesa kuti amayi a kumeneko akungochira okha mwamtendere. Onse awiri anthu aulemu, aliyense akumvera mnzake chisoni, ndipo mawu akuti mafuta kulibe atafunditsa nkhani yonse ngati bulangete.

A Chikadza anamvetsera, anatsegula kompyuta, anafufuza ndithu. Uthenga wa aNabanda sunaoneke paliponse, pamene moni wa kabokosi unali wathunthu, wosadumpha. Anati mwina anesi sanadine bwino, paja ankadina ndi chikhadabo ndipo tabuleti ankaiopa ngati njoka. Zimenezo zinali zoona. Anakapempha mafuta oti apite okha akaone, anawayankha kuti otsalawo ndi a ambulansi, adikire kutha kwa mwezi. Anabwera n'kundiuza mosabisa, n'kuwonjeza kuti ndisade nkhawa, kadontho kakobiriwira. Ndinati zikomo bwana. Masiku otsatirawo ndinkayenda m'chipinda muja kuchoka pazenera kupita pakhomo, tiyi kuzizira m'kapu. Njira yodziwira zoona inali imodzi, ndipo ndi yomwe anandiletsa. Kupuma pantchito mwaulemu kunali pafupi, ndinkakuona ndi maso. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Loweruka

Ndisananyamuke ndinadutsira kwa Che Yusufu, ndinawapeza akutsuka matayala. Ndinawauza kuti foni yawo ikalira ndi uthenga wachilendo wochokera ku Seveni, asalize galimoto, angoona nthawi. Anandiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti aNangozo mwayambanso, ndipo ulendo uno tchipisi mudzigulira nokha.

Minibasi inandisiya pamsewu waukulu, njinga yamoto n'kunditenga pa miyala paja mpaka mano anagundana. Ndinakupeza uli padzuwa ndi amayi anzako mukusola nyemba, mapazi atatupa ngati zigumu. Unandifunsa kuti kwagwanji, ndinati ndangokusowa. Unadziwa kuti ndikunama, paja unandizolowera, koma sunafunsenso. Ndinalowa kwa aNabanda n'kupempha tabuleti. Atamva chimene ndikufuna, anati iwo sanaone kanthu, akukaona mbuzi zomwe zalowa m'dimba.

Ndinakhala ndi chinthu chija pamiyendo kanthawi ndithu. Ndinaganiza kuti ngati ndi bodza, likhale loti wina asalisokoneze ndi zoona, kuti ambulansi isawotche mafuta pachabe. Pa dzina ndinalemba kuti Bwana Chikadza. Pa mudzi, Ofesi. Pa vuto ndinalemba kuti matenda ayamba, ndi mapasa. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, kenako ndinadina. Tabuleti inalemba mwaulemu kuti zatumizidwa.

Ndinadikira mpaka nyemba zinatha m'lichero, n'kukwera kaphiri kaja. Che Yusufu anati foni yawo ili duu kuyambira m'mawa. Apo kuseka kunandithera. Ndinaimbira a Chikadza, ndinawapeza akuchapa kunyumba.

"Bwana, pepani kukusokonezani. Matenda anu ayamba kalekale kuno ku Seveni, koma ambulansi sikubwera."

Ndinamva zochapa zikugwera m'madzi. Kenako anafunsa zomwe ndalemba ndi nthawi imene ndadina, osakweza mawu. Anati ndisachoke pomwepo, akuthamangira ku ofesi. Ataimbanso anati kadontho kakobiriwira, ndipo mapasa awo sakuoneka paliponse. Anandituma kuti nditsike ndikawerenge mawu olembedwa pa kazenera ka kabokosi, ndikwerenso ndidzawauze. Maondo anga anadandaula koma anapita. Mawuwo sindinkawadziwa, ndinangowatchulira zilembo chimodzichimodzi. Ndinamva akuusa moyo.

"Kawoloka," anatero. "Amayi, kabokosi kathu kali ku Mozambiki."

Aliyense wa kumalire amadziwa kuti foni imawoloka yokha mwini wake ali pakhonde, n'kulandira moni wa Chipwitikizi. Nanenso yanga inali itachita zomwezo m'chikwama tsiku limenelo, koma sindinalumikize ziwirizi, anazilumikiza ndi iwo. Anafotokoza kuti nsanja yathu itafooka ndi nkhungu, kabokosi kanachita zimene anakaphunzitsa, kanasankha netiweki yamphamvu, ndipo yamphamvu inali ya tsidya. Moni wake unkadutsa bwinobwino chifukwa umayenda pa intaneti, yosaona malire. Koma kuitana ambulansi kunkadzera pa nambala yaifupi yogwira m'dziko muno mokha. Ndiye kabokosi kankatipatsa moni kali kunja kwa dziko, mauthenga enieni katawasunga m'mimba kudikira tsiku lobwerera kwawo.

Anandiphunzitsa kukakakamiza kuti kakhale pa netiweki ya kwathu, podina kabatani kobisika ndi phini ya kumutu. Ulendo wachitatu pa kaphiri, anati tsopano kadontho kafiira, ndipo kadzakhala kotero mpaka dzuwa litadyetsa nsanja mokwanira, mwina mawa masana. Anati kufiira koona kuli bwino kusiyana ndi zimene tinali nazo. Lolemba abwera ndi mlongoti wautali, mafuta alipo kaya palibe, ndipo pakachitika kanthu Lolembalo lisanafike, wina akwere kaphiri. Za ine, anati, tikambirananso Lolemba lomwelo. Ndinagona pa chidikiro pambali pako.

Lamulungu

Kunacha nkhungu yoti munthu sukuona nkhokwe ili pakhomo. Belu la tchalitchi litalira, iwe unagwira chitseko n'kupinda msana. ANabanda anakulowetsa, ndipo atatuluka nkhope yawo inanena zonse asanatsegule pakamwa. Mwana sanatembenuke. Anatenga tabuleti, analemba dzina lako, anadina ndi nsonga ya chala monga ndinawaonetsera dzulo lake, podziwa kuti uthengawo ungokhala m'kabokosi mpaka nsanja idzuke. Ine ndinali nditayamba kale kukwera.

Kaphiri kaja ndinakakwera ndi manja omwe. Ndili pakati, nkhungu inayamba kung'ambika, dzuwa n'kutulukira. Pamwamba ndinaimbira Che Yusufu, ndipo anayankha akuseka mpaka kutsamwa. Nsanja inali itangodzuka, kabokosi n'kusanza zonse zimene kanasunga nthawi imodzi: uthenga wakale wa mayi wa pa ngolo uja, mapasa a bwana, ndi iwe. Foni yawo inalira motsatizana ali pakhomo la golosale, ndipo anali atawerengera kale anzawo za mapasa.

"ANangozo, inu ndinu mapeto. Mpaka kuikamo mwana wanu yemwe kuti zikome?"

"Che Yusufu, wa Malita ndi woona. Lizani galimoto."

"Dzulo munati ndisalize."

Ndinawauza kuti dzulo ndi dzulo. Ndinalumbira pa manda a bambo anu. Anati mawu amenewo amawadziwa, ndi omwe aja a mayi wokomoka pachiwaya. Ndinayamba kulira, iwo n'kunena mokoma mtima kuti ndi kulira komwe ndimakutha, anandimvapo ndikulira ngati aNabanda pa phwando la Khirisimasi. Mawu onse amene ndili nawo anali atawamvapo kale, anga enieni sankawasiyanitsa ndi obwereka. Ndikufunafuna ena oti ndinene, foni inaduka. Ndinaimbanso, sinalowe. Ndinaimbira a Chikadza, foni yawo inali yotangwanika. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinabwerera kwa Che Yusufu, nayonso yotangwanika.

Ndinatsika. Pansi ndinapeza amuna ako ndi abale awo akumanga ng'ombe pa ngolo, apongozi ako akuyala matiresi. ANabanda anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu, iwo n'kubwerera mkati. Anauza amunawo kuti adikire pang'ono, chifukwa ngolo pa miyala ija ikhoza kumaliza zimene matenda ayamba, koma kudikira nakonso kunali ndi malire ake. Sindinathe kulowa kumene unali, sindinathenso kukhala panja. Ndinkapita kumsewu, kubwerera pazenera kumva mpweya wako, kupitanso kumsewu. Anthu otuluka m'tchalitchi ankandipatsa moni, sindikudziwa zomwe ndinkayankha. ANabanda atatuluka kachiwiri n'kuuza amuna kuti basi, bweretsani ngolo pakhomo, khutu langa linagwira kanthu kutali kumunsi kwa chigwa, injini ikulimbana ndi chitunda. Ena anati ndi chigayo. Ndinati chigayo sichisintha magiya.

Zimene zinachitika pa Boma ndinazimva pambuyo pake. A Chikadza sanapite kutchalitchi tsiku limenelo. Anakhala pampando wanga kuyambira m'mawa, kuyang'ana kadontho kofiira. Katangosintha, mauthenga onse atatu anatulukira pa sikirini. Woyamba anauzindikira ndi tsiku lake lakale, wachiwiri ndi dzina lawo lomwe, wachitatu unali wa m'mawa womwewo. Pamene ine ndinkavutika ndi foni yotangwanika, iwo ndiwo ankalankhula ndi Che Yusufu, ndipo sanawapemphe. Anakwera nawo ambulansi, mlongoti uja atauika pakati pa mipando.

Anakunyamula, aNabanda ali pambali pako, ine ndi amuna ako titapanikizika pakona. Che Yusufu anayendetsa pa miyala paja ngati anyamula mazira, koma titafika pa tara galimoto inaulukadi. Ulendo wonse sanatembenuke kundiyang'ana. Pa chipatala chachikulu anakulandira pakhomo n'kukulowetsa kumene ife sitiloledwa. Tinakhala pabenchi la m'khonde, ine ndi amuna ako ndi a Chikadza, Che Yusufu ataima patali chisoti chili m'manja. Ndinapita kukawauza kuti anachita ndendende zimene ndinawauza, ndiye asiye kuima ngati mboni ya mlandu. Anati kuyambira lero, ngakhale ndidzawauze kuti nkhuku yanga ili ndi pakati, adzaliza galimoto.

Dzuwa litapendeka, namwino anatuluka n'kufunsa abale a Malita. Anati wachira ndi mpeni, mwana wamkazi, onse awiri ali moyo, ndipo tikanachedwako pang'ono nkhani ikanakhala ina. Amuna ako anakhala pansi penipeni, pasimenti. Ine miyendo inakumbuka kaphiri kaja nthawi yomweyo, ndinagwera pabenchi, ndipo kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo sindinafune kudzukapo.

A Chikadza anadikira mpaka amuna ako atalowa kukakuona. Kenako anandiuza, akuyang'ana nsapato zawo, kuti kuyambira sabata yamawa makinawo azitumiza okha wodwala wabodza m'mawa uliwonse, kuchokera ku chipatala chilichonse mpaka pa foni ya dalaivala, wolembedwa bwino kuti ndi woyesera, ndipo akapanda kufika kadontho kazifiira ngakhale moni utafika. Anati anayenera kutero kalekale. Koma uthenga wanga unali utafika kale kwa akuluakulu a bungwe, pakuti kuitana kulikonse kwa ambulansi kumawapezanso pa mafoni awo, ndipo chenjezo langa lija linali lolembedwa. Anati adzandilankhulira kuti likhale dzina la kupuma msanga, osati kuchotsedwa, koma pampando paja sindibwereranso. Lolemba ndidzangotenga kapu yanga ndi juzi. Ndinati ndamva bwana, munanena kale ndipo simunaname.

Anesi awiri anadutsa, mmodzi n'kugunda mnzake ndi chigongono, akuloza a Chikadza ndi milomo. Nkhani inali itafika kale m'mawodi. Mnyamata uja anakoka juzi lake lakunja, anatsokomola, n'kutembenukira kwa ine.

"Koma amayi, ndifunseko chimodzi. N'chifukwa chiyani mapasa?"

"Inu ndinu bwana," ndinatero. "Mmodzi akanachepa."